Limba Lotsika la ku Chilomoni

Tamanda ndi Lonjezo, ana anga, kope ili ndi lanu. Chimwalirireni bambo anu nyumba ino yandikulira, ndipo masana akatalika ndimakhala pakhonde n'kumalemba. Mwandifunsa kambirimbiri kuti ndinasiyiranji ntchito ku Ndirande manja anga akadali olimba, ine n'kumangoti ndidzakuuzani. Lero ndikuuzeni. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho polakwika chilembo mukonze, koma nkhaniyo muisiye mmene ilili.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi

Ntchito yanga yoyamba, imenenso inali yomaliza yolembedwa ndi munthu, ndinaipeza pa shopu ya Che Jafali kuseri kwa msika wa Ndirande. Anandilemba kuti ndizisesa, kutunga madzi ndi kuwaphikira tiyi. Che Jafali anali Msilamu wamfupi, wa ndevu za imvi, wosakonda kulankhula asanamwe kapu yachiwiri. Ankakonza zoimbira: maakodiyoni amene anthu ankabwera nawo kuchokera ku migodi, malimba opondera a m'matchalitchi, ndi mahamonika, timalimba toimbira pakamwa tija. M'kati mwa zonsezi muli tizitsulo topyapyala timene timanjenjemera mpweya ukadutsa. Ife tinkatitcha malilime. Lilime lililonse lili ndi liwu lake. Ukalipala kunsonga ndi katupa, liwu limakwera. Ukalipala kutsinde, kapena kulidonthezera mtovu kunsonga kuti lilemere, liwu limatsika. Chimene wapala sichibwereranso, ndiye munthu umapala pang'ono, n'kumvetsera, n'kupalanso.

Poyambira pa zonse panali foloko. Kanali kachitsulo ka mphanda ziwiri kamene Che Jafali ankasunga m'kabokosi ka magalasi, ndipo pogwirira pake panalembedwa 440. Akakagogoda pabondo n'kukaimika patebulo, kankatulutsa liwu limodzi loyera. Lilime limodzi ankalifananitsa ndi liwu limenelo, ena onse n'kumatsata lilime limenelo ngati ana a sukulu pamzere. Ankati ku Ulaya, ku Joni, kulikonse, anthu anagwirizana kuti liwu limenelo ndilo poyambira.

Tsiku lina ndikusesa, iwo anali pa akodiyoni ya munthu wina wa ku Bangwe. Analiza malilime awiri pamodzi, anagwedeza mutu, nati, "Basi, zatheka." Ine tsache lili m'manja, pakamwa panangotuluka kuti, "Akukankhanabe."

"Wati chiyani, Enelesi?"

"Palibe, Che Jafali."

"Ndiye tsachelo layamba kulankhula? Bwereza."

"Ndimati mawu awiriwo akukankhanabe. Akuchita wuu, wuu, pang'onopang'ono."

Anakokanso akodiyoni ija, khutu lili pafupi, kwa nthawi yaitali. Kenako anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Amenewo timati mafunde. Mawu awiri akasiyana pang'ono amachita mafunde. Akamayandikana mafundewo amachedwa, akagwirizana amaleka. Ine zinanditengera zaka zitatu kuti ndiwamve, iwe wawamva ukusesa. Ika tsachelo uko." Tiyi ndinapitiriza kuwaphikira mpaka imfa yawo, koma kusesa tinayamba kusinthana.

Mwezi wanga wachiwiri patebulo ndinathyola lilime la limba la tchalitchi china cha ku Nkolokosa. Ndinalipala mothamanga, linali lakale, linangoti phwe. Ndinayembekeza kukalipiridwa, koma Che Jafali anangondiikira chitsulo chosadula patsogolo nati, "Limba lipita Loweruka. Lilimelo ulipange." Ndinadula asanu, onse olakwika. Lachisanu ndi chimodzi linalira. Zinanditengera masiku atatu, ndipo onsewo iwo sanandithandize, ankangodutsa kumbuyo kwanga akutsokomola.

Zipangizo nthawi zambiri kunalibe. Malilime atsopano ankachokera kunja, ndipo zaka zina sankabwera n'komwe. Tinkadula athu kuchokera ku masipuling'i a mawotchi akale a pakhoma. Chikopa cha mivukuto, imene imapopa mpweya m'limba, tinkachisenda ku zikwama zakutha za azimayi pa kaunjika. Ogulitsa ankandiseka kuti mayi uyu amasankha chikwama chong'ambika n'kusiya chabwino. Makasitomala ena akandipeza patebulo ankafunsa kuti, "Amisiri atuluka?" Che Jafali ankayankha ali kuseri kwa katani kuti, "Amisiri ndi omwewo. Ine ndi wa tiyi."

Chaka chimene bambo anu anabwera ndi hamonika

Bambo anu, a Fulanki, nthawiyo ankanyamula katundu ku sitima ku Limbe, ndipo Loweruka ankaimba hamonika pa maukwati ndi anzawo a magitala. Anabweretsa hamonika yawo kuti sikugwirizana ndi magitalawo. Ndinaichuna bwinobwino, lilime ndi lilime, molingana ndi foloko. Patapita sabata anabweranso. "Achemwali, ikadali pansi. Anzanga akuti ndikuwakokera kudzenje." Ndinayesanso ndi foloko, panalibe cholakwika. Atabwera kachitatu ndinakwiya, ndinati mwina vuto ndi makutu a anzawowo. Che Jafali anati, "Taimbani timve, achimwene." Bambo anu anaimba ngati akupopa tayala la njinga, mitsempha ya m'khosi itatuluka yonse. Che Jafali anaseka mpaka kuvula magalasi. "Enelesi, foloko ilibe mapapo. Iwe umayesa ndi kampweya kaulemu, awa amaimba ndi chifuwa cha matumba a simenti. Lilime likakankhidwa ndi mphamvu limatsika. Uikweze pang'ono kupitirira foloko, akamaimba izifika pamalo pake." Ndinatero, ndipo anzawo analeka kudandaula. Kuyambira pamenepo hamonika iliyonse ndinkayamba ndamva kaye mmene mwini wake amapumira.

Kachinayi anabwera hamonika ili bwinobwino. Anati muli kenakake kakulira m'kati. Che Jafali anaigwedeza pafupi ndi khutu, nati, "Muno mulibe kanthu. Ngati muli ndi nkhani, kwawo kwa mtsikanayu ndi ku Chiradzulu, amalume ake alipo." Chaka chotsatira tinakwatirana. Iwe Tamanda utabadwa ndinkakugoneka m'bokosi la akodiyoni pansi pa tebulo, ndipo ukalira Che Jafali ankati, "Ameneyu ali pamwamba pa foloko."

Che Jafali atatisiya

Ndinagwira nawo ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chakumapeto makutu awo anali atatha, koma ankabwerabe mmawa uliwonse kudzakhala pampando wawo, n'kumayang'ana manja anga. Atamwalira shopu inapita kwa a Yusufu, mwana wa mlongo wawo. A Yusufu anali ophunzira, odziwa malonda. Sanali munthu woipa, ndipo musadzawanene. Iwe Lonjezo utagonekedwa m'chipatala anandipatsa milungu itatu osawiringula, anabweranso okha kudzakuona atanyamula nthochi. Koma nthawi inali itasintha. Kutsogolo kwa shopu kunadzaza masipika, mafoni ndi matchaja, ine ndi tebulo langa tinasunthira kuseri pafupi ndi zenera. Maakodiyoni ankabwera mwa apo ndi apo. A Yusufu anandigulira kamakina koonetsa nambala ya liwu, nati, "Mayi Enelesi, masiku ano ndi dijito. Makutu amanama, mashini sanama." Ndinkakagwiritsa ntchito iwo akakhalapo.

Nthawi imeneyo tinali titamanga kale nyumba ino ku Chilomoni, ndipo tinkapemphera pa tchalitchi cha kumtunda kuja. Belu lake mukulidziwa, gudumu la lole lopachikidwa pa mtengo wa mango. Pa tchalitchi pathu nyimbo yoyamba siyambitsidwa ndi woimba limba. Belu lomaliza likamenyedwa, kulira kwake kusanathe, Mayi Nangondo, amene anatsogolera nyimbo kuyambira ife tisanafike, ankatola liwu la belulo, n'kulisunga m'mphuno kuti mmm, n'kuyambitsa nyimbo kuchokera pamenepo. Mpingo unkalandira, ndipo limba linkalowa pa mzere wachiwiri n'kupeza anthu ali pamalo pake. Palibe amene ankaganizapo za zimenezi. Ine ndinkadziwa kuti limbalo ndi lotsikirapo poyerekeza ndi foloko, koma ndinkayesa ndi ukalamba chabe.

Chaka chimene kiyibodi inabwera

Mwana wina wa mpingo amene ankagwira ntchito ku Joni anatumiza kiyibodi, limba la magetsi lija. A Namate, mphunzitsi wa ku sekondale amene ankayang'anira kwaya ya achinyamata, anafuna kuti pa tsiku lotsegulira mbali yatsopano ya tchalitchi, kiyibodi ndi limba lakale ziimbire limodzi. Ataziyesa zinali ngati agalu awiri pa fupa limodzi. Kiyibodi inali pa 440, limba lili pansi. Akulu a mpingo anagwirizana kuti limba lipite ku Ndirande likakwezedwe. Linafika pa shopu pa lole ya mchenga litafunditsidwa bulangeti, ndipo a Yusufu anasangalala chifukwa ntchito yaikulu chotere inali isanabwere kwa zaka.

Nditatsegula kumbuyo n'kukoka lilime loyamba ndi kambedza, ndinaona kadontho ka mtovu kunsonga. Ndinakoka lachiwiri, chimodzimodzi. Ndinakoka khumi, makumi awiri, onse ali ndi kadontho, ndipo kadontho kalikonse kali ndi mizere itatu yopendekera ya katupa. Ndinakhala pansi. Mizere itatu yopendekera inali dzanja la Che Jafali. Umo ndi mmene ankasalazira mtovu, ndipo ndi mmene anandiphunzitsira ine. Ndinaliza limba lonse, malilime oposa zana, osapeza pamene pakukankhana. Limba lokalamba limatsika mosokonekera, apa kwambiri, apo pang'ono. Ili linatsika lonse mofanana. Munthu anachita kulitsitsa dala, ine ndisanalowe ntchito, ndipo anathera masiku ambiri akutero.

Lachitatu masana ndinapempha kuti ndiweruke msanga. Ndinakulunga m'kansalu lilime limodzi, lija timafananitsa ndi foloko, ndinadutsa kunyumba kutenga bambo anu, amene anali atapuma kale ntchito, n'kukwera kutchalitchi.

"Menyani belu kamodzi," ndinawauza.

"Anthu aziti kwagwa maliro."

"Menyani pang'ono basi."

Anamenya. Ndinaika lilime lija pamilomo n'kukoka mpweya. Liwu la lilime ndi liwu la gudumu zinalowana, panalibe funde ngakhale limodzi.

Mayi Nangondo ankakhala pafupi, ndipo anatuluka atamva belu, akumangirira chitenje. "Watisiya ndani?" Ndinati palibe. Nditawafotokozera anakhala pa muzu wa mango uja nati, "Aa, Msilamu uja! Ine ndinali nditangokwatiwa kumene. Limbali litabwera kuchokera ku mishoni, tinkayamba nyimbo ndi belu monga mwa masiku onse, limba likalowa n'kutipeza tili kwina. Woimba limba ankanena ife, ife tinkanena iye. Ndiye akulu a mpingo anakaitana bambo ameneyo. Anakhala pansi pa mtengo uno sabata yathunthu ndi kambaula kake kosungunulira mtovu, amvekere menyani, amvekere menyaninso. Polowa m'tchalitchi ankavula nsapato, abusa amvekere sikofunika, iye amvekere nyumba ya Mulungu ndi nyumba ya Mulungu. Nyama yathu ankakana, tinkangomuphikira mbatata." Kenako anandiyang'ana. "Ndiye akuti mukulikweza?" Ndinakulunganso lilime lija m'kansalu.

Mmawa mwake ndinawauza a Yusufu zonse. Anamvetsera foni ili m'manja.

"Mayi Enelesi, kasitomala wanena chiyani?"

"Wanena 440."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Malilimewa ndi akale, bwana. Ndikayamba kuchotsa mtovu ena athyoka, ndipo otere sapezekanso. Komanso limba likakwera, amayi aja aziyamba nyimbo ndi belu, limba n'kumawapeza ali kwina. Azioneka ngati sadziwa kuimba m'tchalitchi mwawo momwe."

"Aphunzira. Kapena asiye kuyamba ndi belu. Za mpingo wanu ine sindilowamo, ine ndi wa bizinesi. Munthu akafuna nsapato yofiira sumuuza mbiri ya ng'ombe."

"Ndi ntchito ya amalume anu iyi."

"Amalume anachita zimene kasitomala wa nthawi yawo anafuna. Inunso chitani zimene wa lero akufuna."

Apa anali ndi mfundo. Kenako ndinati, "Mivukuto ndimata, fumbi ndichotsa, chilichonse ndichita. Koma mtovuwu dzanja langa silichotsa."

"Mukukana ntchito?"

"Imeneyi yokha."

"Ndiye kapumeni kunyumba. Ndiitana munthu wa ku Lilongwe. Lolemba likudzali ayi, koma linalo akhala atafika." Sanakalipe. Ananena ngati munthu wotopa. Ndinabwezera lilime lija m'malo mwake, ndinapukuta tebulo, ndinatenga tizitsulo tanga, n'kukakwera minibasi dzuwa lili pamutu. Kondakitala amene ankandidziwa anati, "Mami, lero hafu deyi?" Ndinati eya.

Bambo anu ndinawapeza akukonza mpanda. Atamva anaika hamala pansi. "Ndiye mwachotsedwa ntchito chifukwa cha gudumu la lole?"

"Eya."

"Anzathu amachotsedwa chifukwa choba, n'kumanga nyumba zazikulu. Ife gudumu. Anthu tikawauza chiyani?" Ndinayamba kulira, iwo n'kusiya nthabwala. "Amake Tamanda, zaka zonsezi mwakhala mukumva zimene ife sitimva. Ngati mwati lisakwere, lisakwere. Chimanga cha ku Chiradzulu chilipo, sitifa." Koma ndikuuzeni zoona, mantha ndinali nawo. Iwe Lonjezo unali usanamalize sukulu, ndipo pa msinkhu wangawo panalibe amene akanandilembanso ntchito. Chowawa kwambiri chinali chakuti ntchito yapita, limbalo lidzakwezedwabe ndi munthu wina.

Lamulungu titaweruka, bambo anu anapempha akulu a mpingo kuti andimve. Tinakhala m'kachipinda ka kuseri. Ine kulankhula pagulu si mbali yanga, ndinangonena za mtovu ndi belu. A Namate anaimirira, ndipo analankhula bwino. "Ndi ulemu wonse kwa amayi, dziko lonse lili pa 440. Ana athu amaphunzira nyimbo ndi limba lotsikali, tikapita kokumana ndi makwaya ena amaimbira pansi, anthu n'kumatiseka. Achinyamata akuthawira ku matchalitchi a magitala. Kodi tiziyendera gudumu la lole mpaka liti?" Akulu ambiri anagwedeza mitu kuvomereza. Inenso mumtima ndinaona kuti sakunama. Wapampando atandifunsa ngati ndili ndi mawu otsiriza, ndinalibe china koma funso limene linkandizungulira m'mutu. "Aphunzitsi, chanucho sichingatsike?"

Anthu anaseka. Mkulu wina anati, "Mayi, chimenecho n'cha ku fakitale, mulibe malilime oti mupale." A Namate anati batani losinthira kiyi, lokweza kapena kutsitsa mawu onse, lilipo, koma limalumpha sitepe yathunthu, pamene limba lathu linatsika osafika sitepe, linaima pakati. Zimenezo zinali zoona, makutu anga anali atandiuza kale. Msonkhano unatha chigamulo chili chomwecho.

Sabata imeneyo ndinachapa zovala zonse za m'nyumba, ngakhale zoyera kale. Lachisanu dzuwa litapendeka tinamva odi pakhomo. Anali a Namate, choko chikadali pa malaya, kabuku kali m'manja. "Mayi, funso lanu lija landisowetsa mtendere. Ndinayamba kufunafuna kabuku kamene kanabwera ndi kiyibodi, ndakapeza pansi pa katoni. Chakumapeto kuli peji yoti nambala ya 440 ija imasunthika, imodziimodzi. Koma sindikudziwa kuti ndiitsitse kufika pati. Ine makutu amenewo ndilibe."

Bambo anu anati, "Makutuwo alipo, ali pa ulova. Lowani mumwe tiyi."

Loweruka mmawa tinakumana kutchalitchi. Bambo anu anaima pa mango ndi chitsulo chomenyera belu, a Namate anaika kiyibodi pazenera, ine ndinaima pakati pawo. Mayi Nangondo anayamba azungulira makomo kuuza anthu kuti akamva belu asadzidzimuke. Tisanayambe magetsi anazima, ndiye tinakhala pamthunzi ola lathunthu tikudya nzimbe, a Namate maso ali pa babu. Atayaka ndinakweza dzanja, bambo anu anamenya, a Namate anasindikiza liwu lija. Mafunde anali othamanga ngati mtima wa nkhuku. "Tsitsani." Anawerenga mokweza, 439, 438. Bambo anu anamenyanso. "Tsitsanibe." Pofika 434 mafunde ndinkatha kuwawerenga ndi chala. Pa 432 anali ngati kupuma kwa munthu amene ali m'tulo. "Imodzi yokha." Anatsitsa, belu linalira, ndinadikira funde, koma silinabwere. Ndinatsitsa dzanja. A Namate anatulutsa mutu pazenera. "431! Ngakhale ine ndamva, zakhala chinthu chimodzi." Pomwepo anaimbira foni wapampando, wapampando n'kuimbira a Yusufu kuti mtovu usakhudzidwe, limba libwerere mmene lilili.

Ku Ndirande sindinabwererenso. A Yusufu anali atapangana kale ndi munthu wa ku Lilongwe uja, ntchito n'kuwapulumuka m'manja chifukwa cha ine, ndiye sanandiitane, inenso sindinakapemphe. Tikakumana m'tauni timapatsana moni bwinobwino, ndipo pa maliro a bambo anu anabwera n'kukhala tsiku lonse. Limba linabwera Lachiwiri pa lole yomwe ija, mivukuto ndinaimatira m'tchalitchi momwemo. Kenako bambo anu anandikhomera tebulo pakhonde pano, ndipo anthu a mahamonika ndi maakodiyoni anayamba kukwera phiri kundifuna, ochepa, koma okwanira kuti iwe Lonjezo umalize sukulu. Ndinagwira pakhondepa zaka khumi ndi chimodzi, mpaka maso atakana. Bambo anu ndiwo ankayesa hamonika iliyonse isanapite kwa mwini wake, ndipo zaka zimenezo ndizo tinakhala limodzi kwambiri kuposa zonse.

Pa tsiku lija lotsegulira mbali yatsopano ya tchalitchi anthu anadzaza mpaka panja. Belu lomaliza litalira, Mayi Nangondo anatola liwu lawo, mpingo unalandira, ndipo pa mzere wachiwiri limba ndi kiyibodi zinalowa limodzi. Palibe amene anacheuka. Ndine ndekha ndinkamvetsera, ena onse ankangoimba.

Titatuluka a Namate anandipeza pa mango ndili ndi bambo anu. Nkhope yawo inali ya munthu wokondwa koma wosamaliza kuganiza. "Mayi, zayenda. Koma mwezi wamawa kwaya ikupita ku Zingwangwa kukaimba ndi makwaya ena, ndipo kumeneko onse ali pa 440. Ndichite bwanji?"

"Mukweze, aphunzitsi, ana ayesezere pokwerapo milungu iwiri. Mukabwerako mutsitse. Chanucho chili ndi batani. Mayi Nangondo alibe."

Bambo anu anaseka mpaka anakhala pa muzu ndi suti yawo ya pa Sabata. A Namate sanaseke, anayamba aganiza, nati, "Ndiye ndimatepo kapepala, wina angadzaiwale kutsitsa." Mukadzakwera kutchalitchi mukasuzumire kumbuyo kwa kiyibodi. Kapepalako kachita chikasu, koma kakadalipo, kolembedwa ndi dzanja lawo: Kuno ndi 431.